Tanthauzo la mawu a Chingelezi akuti jaundiced

Mwafunsa chifukwa chake mkonzi wina analemba kuti ovota akuyang'ana malonjezo a andale with a jaundiced eye, pomwe kuchipatala jaundice ndi matenda a chikasu. Simunasokoneze ayi, ndi mawu amodzi omwewo.

Anachokera ku Chifalansa chakale, ku jaune, kutanthauza mtundu wachikasu, ndipo jaune anachokera ku Chilatini galbinus. Polowa m'Chingelezi cha m'ma 1300 anali dzina la matenda basi. Tanthauzo lachiwirili, la kuona zinthu mokayikira kapena mwakaduka, linabadwa chifukwa akale ankakhulupirira kuti wodwala chikasu amaona chilichonse chili chachikasu, ndiye kuti vuto lili m'diso mwake, osati pa chinthu akuchiyang'anacho. Mu 1711 wolemba ndakatulo Alexander Pope anafanizira chikhulupiriro chimenechi ndi anthu opeza zolakwa m'zolemba zilizonse za anzawo. Kunena zoona akalewo anaphonya: bilirubin, chinthu chachikasu chimene thupi limapanga, ikachuluka m'magazi imasintha khungu ndi mbali yoyera ya diso, koma odwala ambiri amasiyanitsa mitundu bwinobwino.

Pogwiritsa ntchito ndi pomwe ambiri amapunthwa, chifukwa amawayesa ofanana ndi biased. Biased ndi kukondera, ndipo kukondera kumapita uku ndi uku: mphunzitsi angakondere mwana wa mlongo wake kapena kupondereza wa mnzake. Jaundiced sapita kwabwino. Amanena za munthu amene anapusitsidwapo, anakhumudwa kapena ali ndi kaduka, moti tsopano chabwino chilichonse amachiona ngati nyambo. Taganizani mlimi amene anagulitsidwa mbewu zachinyengo zaka ziwiri zotsatizana. Wogulitsa wachilungamo akabwera, iye waweruza kale thumba lisanamasulidwe.

Kawirikawiri amatsagana ndi eye kapena view. Mukalemba kuti the baby is jaundiced, aliyense amva za matenda, choncho pa munthu wamkulu onjezani chimene akukayikiracho: jaundiced about politics.

Pomasulira musalembe kuti diso lachikasu, owerenga angakuuzeni kuti thamangirani kuchipatala. Tsankho nalonso silikwanira, popeza limachokera ku kusankha ndipo limakhudza kwambiri mtundu, chipembedzo kapena dera. Ngati gwero lake ndi kukhumudwa, lembani kuti anataya chikhulupiriro ndipo amangokayikira zilizonse. Ngati ndi nsanje, nenani kuti akuweruza mwakaduka.