Yankho kwa achemwali ofunsa za polyaniline ndi FTIR

Achemwali, mwati munapanga kachikopa kopyapyala ka polyaniline (polima, chinthu chonga pulasitiki, yotha kudutsitsa magetsi) pa electrode (kachitsulo kolowetsa magetsi m'madzi), cyclic voltammetry (kuyeza current, kapena kuti kuyenda kwa magetsi, uku mukukweza ndi kutsitsa volti) ikuonetsa nsonga zake bwinobwino, koma mukakavuula m'asidi n'kukaumitsa, FTIR (makina oyeza mmene chinthu chimamezera kuwala kwa infrared) ikukupatsani mizere imodzimodzi ngakhale munaimira pa mavolti osiyana. Makinawo ali bwino. Chikukusokonezani ndi kuvuulako.

Polyaniline ili ngati birimankhwe. Pafupi ndi 0 V, poyerekeza ndi SCE (electrode ya calomel yoyerekezera volti) mu asidi wa 1 M HCl, imakhala leucoemeraldine, yachikasu chofuwirira. Mukadutsa nsonga yoyamba cha pa 0.2 V imabiriwira n'kukhala emeraldine, yomwe imadutsitsa magetsi. Cha pa 0.7 mpaka 0.8 V imada n'kupita ku pernigraniline. Tsono leucoemeraldine ikangotuluka m'madzi, okosijeni wa mumpweya amayamba kuibwezera ku emeraldine. Pofika pamakina, zimene munazipanga mosiyana zasanduka chinthu chimodzi. Muyenera kuyeza kachikopako kadakali m'asidi, magetsi akadali olumikizidwa.

Apa mdani wanu ndi madzi. Amameza kuwala kwa infrared kwambiri cha pa 1640 ndi pa 3400 cm⁻¹ (muyeso wa malo a mizere ya FTIR), moti mukasiya madzi ochuluka pakati, simuona kanthu. Njira imodzi ndiyo kukanikiza electrode pazenera la CaF2 (calcium fluoride, yomwe imadutsitsa infrared) mpaka patsale madzi okhuthala mamaikoromita ochepa chabe. Ina ndi ya ATR: mumamata golide wopyapyala kwambiri pa silicon, polyaniline n'kumera pagolidepo, kuwala n'kubwera chakumbuyo osadutsa m'madzi ambiri. Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa m'kampata kopanikizika kaja ma ion amayenda pang'onopang'ono, ndipo mukathamangira kuyeza kachikopa kamakhala kasanamalize kusintha. Zenera la KBr (mchere wa potassium bromide) musaliyandikitse n'komwe, limasungunuka m'madzi.

Poyeza, tengani spectrum (chithunzi cha mizere ya FTIR) yoyamba pa volti ya leucoemeraldine kuti ikhale poyambira. Kwezani volti pang'ono, dikirani mpaka current itakhazikika, tenganinso, kenako chotsani yoyamba ija n'kugawa nayo. Madzi omwe sanasinthe amazimiririka, chotsala n'chimene volti yasintha. Imeneyi ndiyo amaitchula SNIFTIRS.

Maso anu akhale pa malo atatu. Mzere wa pafupi ndi 1500 ndi wa mphete za benzenoid, wa pafupi ndi 1580 ndi wa quinoid; iyi ndi mitundu iwiri ya mphete za kaboni mu polyaniline. Mukamakweza volti wachiwiriwu umakula poyerekeza ndi woyamba. Wa cha pa 1140 umakula kwambiri kachikopa kakayamba kudutsitsa magetsi, ndipo pamwamba pa 2000 mzere wonse umatukuka ngati chitunda chachikulu. Muchenjere kuti CaF2 imayamba kutsekereza kuwala cha pa 1000 mpaka 1100, ndiye wa 1140 uja umakhala m'mphepete ndipo umatuluka ndi phokoso.

Kuno ku Blantyre chinyezi sichisowa, kaya ndi dzinja kaya ndi masiku a chiperoni. Mukaona timinga tambirimbiri pakati pa 1400 ndi 1900, si polima wanu ayi, ndi nthunzi ya madzi m'makina; nsonga ziwiri za pa 2350 ndi mpweya wa CO2. Pemphani woyang'anira labu asinthe desiccant (mankhwala oyamwa chinyezi), ndipo ngati nayitrojeni alipo, muuzireni m'makinamo musanayambe.

Komanso musamakhalitse pamwamba pa 0.8 V. Kachikopa kamawonongeka, ndipo mudzaona kansonga katsopano cha pa 0.5 V pa voltammetry yanu. Kakaoneka, pangani kachikopa kena musanayambe kuyeza.