Chifukwa chake amagonera ku bwalo la ndege kukamagwa sinowo

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake amuna anu, amene amagwira ntchito pa bwalo la ndege ku UK, amauzidwa kugonera komweko azanyengo akalosera sinowo (chipale chofewa) yambiri.

Chimene chimavuta kwambiri si makina ayi, ndi anthu. Misewu ikatsekeka, sitima ndi mabasi n'kuima, olowa m'mawa safika, pomwe amene achezera usiku sangapitirize chifukwa maola ogwira ntchito ali ndi malire. Ndiye mabwana amaitana anthu sinowo isanayambe, n'kuwapezera chakudya ndi zipinda m'mahotela apafupi, kenako n'kuwagawa magulu osinthana, kawirikawiri maola 12 gulu lililonse.

Osayenera kusowa ndi oyendetsa magalimoto okankha sinowo, opopera mankhwala osungunula madzi oundana pamapiko, owongolera kayendedwe ka ndege ndi ozimitsa moto. Ozimitsa motowa akachepa, ndege zikuluzikulu siziloledwa kutera ngakhale msewu woterapo ndegewo utayera bwanji. Ku Heathrow, bwalo lalikulu la ndege la ku London, mu Disembala 2010, ndege zambiri zinakhala masiku osanyamuka chifukwa pamalo pomwe zinaimikidwa panali pataundana.

Auzeni anyamule zovala za masiku atatu, mankhwala amene amamwa ndi chaja, komanso afunsiretu ngati maola odikirawo amalipidwa.