Script ya QGIS Ikutulutsa Mapu Oyera

Funso: Ndalemba script (kapulogalamu) ya Python mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu, yoti izitulutsa mapu 30 a PDF, dera lililonse mapu ake. Mutu, muvi wolozera kumpoto ndi sikelo zikuoneka bwinobwino, koma pakati pali poyera, ndipo script sikuonetsa cholakwika chilichonse. Vuto lili pati?

Yankho: Popeza mutu ndi sikelo zikutuluka, layout yanu, tsamba limene mwayalapo mapu, ili bwino. Chimene ndikukayikira ndi CRS, dongosolo limene manambala a malo alembedwera.

Musanasinthe mzere uliwonse, uzani script kuti ikuonetseni manambala anayi a extent (malire a malo amene mapu akuyenera kuonetsa) amene mukupereka ku setExtent, muwawerenge ndi maso anu. Ine ndimayambira pamenepa nthawi zonse. Manambalawo akakhala ang'onoang'ono, osapitirira 180, ndiye kuti ndi madigiri, monga a EPSG:4326, koma akafika masauzande mazanamazana kapena mamiliyoni, amenewo ndi mamita, monga a UTM. Kenako onani CRS ya mapu a mu layout. Layer ya madera (deta yojambula maderawo) ikakhala m'madigiri pamene mapu ali m'mamita, QGIS imatenga madigiri 35 ngati mamita 35, n'kukujambulirani kamalo kochepetsetsa kutali kwambiri ndi deta yanu, ndipo siidandaula chifukwa kwa iyo manambalawo ndi ololedwa. Yang'ananinso sikelo pa PDF ija: ikamaonetsa mamita ochepa m'malo mwa makilomita, umboni ndi womwewo.

Chimasokoneza anthu n'chakuti pa sikirini zonse zimagwirizana, popeza QGIS imatembenuza yokha manambala pojambula, koma extent ya mu script siikhudza. Itembenuzeni nokha ndi QgsCoordinateTransform ndi transformBoundingBox. Musathamangire setCrs pa layer, chifukwa imangosintha dzina la dongosolo manambala ali omwe aja, ndipo vuto limangokula.

Manambala akakhala olondola, yesani isValid pa layer iliyonse kuti muone ngati yatseguka bwino. Apa n'kusasamala kumene kumandikwiyitsa: munthu amakopera fayilo ya .shp yokha, n'kusiya .shx, .dbf ndi .prj amene amayendera limodzi nayo, kenako n'kumaimba mlandu pulogalamu. Pa Windows samalaninso ndi adiresi ya fayilo, chifukwa Python imamva \n ndi \t za mu adiresiyo mwa njira ina, ngati mzere watsopano ndi mpata.

Ngati madera onse ali mu layer imodzi, gwiritsani ntchito Atlas ya mu layout, imene imasuntha mapu kuchoka pa dera lina kupita pa lina n'kutembenuza yokha CRS, script yanu ingotsala ndi ntchito yotulutsa PDF.