Pansi pa nimu pangokhala fumbi, ndibzalepo chiyani?

FUNSO: Pakhomo panga kuno ku Ngabu pali mtengo wa nimu ndi wa mango. Pansi pake ndi fumbi lokhalokha, mphepo ikawomba limathera m'mbale. Kapinga ndabzala kawiri konse, wauma. Maluwa amene ndinagula ku Blantyre sanathe ndi mwezi womwe. Kodi palibe choyanga chamaluwa chimene chingapirire mthunzi ndi kutentha kwa kuno?
Mayi wa ana anayi, Ngabu

YANKHO: Amayi, musandiseke: bzalani khovani. Eya, yemwe uja mumamunyoza popalira chimanga. Kapinga amafuna dzuwa, ndipo maluwa ogulawo analeredwa kumtunda kozizira, pamene kwanuko mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Khovani ndi mwana wa pompano, amamera yekha m'mphepete mwa nkhalango ndi m'tsinde mwa mitengo. Ophunzira za zomera amamutcha Commelina benghalensis.

Ine ndinamuonera kwa agogo anga ku Bangula. Anamusiya dala pansi pa bwemba, pomwe ankatayira madzi otsukuluzira mbale. M'mawa ndinkanjuta n'kumayang'ana duwa lake: timakutu tiwiri tobiriwira ngati thambo, kachitatu kakang'ono kotuwa kobisala pansi. Dzuwa likafika paliwombo maluwawo afota, mawa lake kwatuluka ena.

Mbewu musagule, ndiponso musakazule ku Lengwe kapena ku Mwabvi, kumeneko ndi kotetezedwa. Aneba amene akupalira akupatsani mtolo wonse, n'kukuthokozaninso. Dulani tizidutswa ta mfundo zitatu, mfundo ziwiri muzikwirire, imodzi isuzumire kunja, motalikana chikhatho chimodzi ndi theka. Mfundo iliyonse yogunda dothi imatulutsa mizu, ndi mmene amayalira. Dikirani mvula ikhazikike mu Disembala.

Ntchito yeniyeni ili pa dothi. Makande a ku Ngabu akanyowa amamata, akauma amang'aluka moti dzanja n'kulowa. Tipulani pamwamba pokha kuti musadule mizu ya mtengo, sakanizani manyowa a ng'ombe owolerana bwino ndi mchenga pang'ono. Ndipo lekani kusesa pamenepo! Tsache la m'mawa uliwonse ndi limene lapala malowo mpaka kuuma ngati msewu. Masamba ogwa asiyeni, chiswe chikawadya muwonjezere ena. Yambani ndi pansi pa nimu, pomwe kuwala kumadontha. Mango ali ndi mthunzi wakuda bii, kumeneko bzalani cha kumapeto kwa nthambi kapena mudulireko nthambizo pang'ono.

M'chilimwe, popanda madzi khovani amauma n'kudzaphukanso ndi mvula. Mukafuna akhalebe wobiriwira, thirirani kawiri kapena katatu pa sabata, madzulo. Koma lawani kaye madzi anu. Mijigo yambiri m'Chikwawa ndi ya mchere, ndipo mukaona dothi layera pamwamba, mcherewo ukupha mbewu zanu.

Tsono ndikuuzeni kuipa kwake, musadzanditukwane. Khovani safa msanga. Kupatula maluwa amene timaona, ali ndi ena apansi pa dothi amene amabereka njere osatseguka n'komwe, ndipo nthambi yozulidwa ikagona ponyowa imagwiranso. Ngati dimba kapena munda wa thonje uli pafupi, muzingeni ndi njerwa zokwirira theka. Zimene mwadula musaponye padzala la manyowa, apatseni akalulu kapena nkhumba. Siyaninso mpata wa mapazi atatu kuchoka pakhoma la nyumba, ndipo muzimumeta asapitirire m'kakolo, kuopa njoka.

Za mbuzi sindinena zambiri, mukuzidziwa nokha za kwanuko. Tchingirani ndi minga ya masau miyezi iwiri yoyambayo, apo ayi mudzangopeza timitengo tokhatokha.