Ka screw kathyokera mkati mwa implant, musalole kuboola kopanda madzi

Achemwali, pepani ndi zomwe zakuonekeranizo. Mwati dzino loikirira lija lagwa, ka screw komangira dzinolo kathyokera mkati mwa implant, chitsulo chija anakuikani m'nsagwada kuti chikhale ngati muzu wa dzino, ndipo adokotala akuti aboola kuti atulutse chidutswacho, ndiye mukufunsa ngati palibe choopsa. Chilipo, koma si ululu ayi, ndi kutentha.

Munadulapo msomali ndi sowo? Mumadula uku koma zala zimapsa uko mwagwirako. Implant nayo ndi chitsulo, titanium, ndipo inagwirana ndi fupa la nsagwada popanda chotchinga pakati, ndiye drill ikamakhula ka screw mkatimo moto wonsewo ukupita ku fupa. Fupatu silipirira. Akatswiri ofufuza Eriksson ndi Albrektsson anapeza mu 1983 kuti madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha akwana kuliwononga, pomwe thupi lathu lili kale pa 37, taonani kuchepa kwa mpatawo. Chopweteketsa mutu nchakuti inu simumva kanthu poti akubayani jakisoni wa dzanzi, mupita kunyumba mukusangalala kuti zatheka, patapita masabata implant nkuyamba kugwedera chifukwa fupa lozungulira linafa tsiku lomwe lija.

Sindikuti mukane kuchotsa, iyayi, koma drill ikhale yomalizira. Ayambe ajambula X-ray aone kathyokera pati. Ka screw kakathyoka nthawi zambiri chidutswa chotsalacho sichikhalanso chothina, moti dokotala wodekha amangochizunguza chobwerera ndi kachitsulo kosongoka kaja amafufuzira mano, pang'onopang'ono mpaka chitatulukira. Changa chinatuluka choncho, ndinayasamula mpaka nsagwada kuwawa koma drill sinandikhudze. Zikakanika amayesa ka makina konjenjemera kotsukira mano, ultrasonic scaler, koma nakonso kamatenthetsa chitsulo akakayatsa popanda madzi, osanyengeka poti sikaboola.

Zikafika poboola afunseni mosachita manyazi, pakamwapo mpanu. Madzi ozizira azithira nthawi yonse? Aziboola mopumira, masekondi ochepa nkusiya kuti pazizire, kapena angokanikiza ulendo umodzi? Nsonga ya drill ndi yakuthwa? Yobuntha ndiyo imatenthetsa kwambiri poti imangokhula osadula. Komanso pali zida zopangira ntchito imeneyi, zili ndi kachubu kolondolera drill kuti isakhudze mazinga a mkati mwa implant, timizere tija screw imagwira poimanga, ndipo drill yake imazungulira chobwerera mosathamanga. Zambiri zimayendera mtundu wa implant, ndiye funsani komwe anakuikani akuuzeni dzina la kampani yake, mupite nalo. Mazinga akawonongeka screw yatsopano sigwiranso bwino, mwina mpaka kuzula implant yonse, ntchito ina yodula fupa imeneyo.

Dokotala akayankha mokalipa kapena akati ndi za mphindi ziwiri izi, ine ndiye ndikanadzuka pampandopo nkukafuna wina amene amaika ma implant tsiku ndi tsiku. Kudikira masiku angapo kulibe vuto ngati sipakutupa, bola osatafunira mbali imeneyo.

Akachotsa muzidzimvetsera. Ululu womakulirakulira, nkhama kutupa, mafinya, kapena implant kugwedera, bwererani msanga. Muwafunsenso chinathyola ka screw nchiyani, kawirikawiri kamakhala kanayamba kale kumasuka dzino nkumagwedera inu osalabadira, kapena mumakukuta mano kutulo, zikakhala choncho akupangireni chovala pa mano usiku apo bii katsopanoko kathyokanso.