Crown ya zirconia ikamakana kumata

Achimwene, crown (chisoti chovindikira dzino) imene mukuikira wodwala wanu koma ikungochokayo musaithirenso asidi wa hydrofluoric. Pa zirconia, chipangizo cholimba chopangira crown imeneyi, sagwira chifukwa mulibe galasi loti adye. Pemererani mkati mwa crown ndi mchenga wa alumina wa ma micron 50, mphamvu ya mpweya isapitirire bar 2, kenako pakani primer (mankhwala opaka poyamba) yokhala ndi MDP, imene imagwiritsa simenti pa zirconia, musanaike simenti ya resin yomatira crown pa dzino.

Ine chinandipweteka ndi malovu. Nditayesa crown mkamwa mwa mayi wina ndinangotsuka ndi madzi, ndipo patangotha miyezi iwiri mayi uja anabwera nayo ataikulunga m'kansalu. Phosphate ya m'malovu imalanda malo amene MDP imagwira pa zirconia. Tsono muzipemerera mukatha kuyesa, kapena muzitsuka ndi mankhwala otsukira crown otchedwa Ivoclean. Asidi wa phosphoric ayi, amangowonjezera vutolo poti nayenso amasiya phosphate.

Ngati ili yopyapyala, ya mano akutsogolo, funsani kaye katswiri wa mano oikirira musanapemerere, ingang'aluke.