Mayi, mwana wanuyo musamuletse

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Joni, wandilembera imelo. Mtsikana wawo akufuna kuphunzira molecular medicine (sayansi yofufuza matenda m'maselo ndi mu DNA) ku yunivesite ya Wits, ndiye akufunsa ngati adzakhale dokotala. Ayi mayi, m'wodi simudzamuona. Komatu funso lanuli landikumbutsa chilonda chakalekale.

Bambo anga adalengeza mpingo wonse ku Dedza kuti mwana wawo wapita ku Joni kukaphunzira udokotala. Nditabwera pa Khirisimasi n'kuwafotokozera kuti ntchito yanga ndi ya m'labotale, kuyeza magazi ndi makhololo a anthu amene sindidzawaona nkhope, adangoti zii masiku atatu. Zidandipweteka, mpaka ndidafuna kusiya sukulu.

Chidandigwira ndi matenda a amayi anga. Adatsokomola miyezi isanu, makhololo kuyezedwa kawiri pa maikulosikopu osapezeka kanthu, pamene TB ikuwadya m'chifuwa. Makina a GeneXpert, amene South Africa idayamba kuwafalitsa mu 2011, amafufuza DNA ya kachilomboko, ndipo m'maola awiri okha amanena ngati kalipo, komanso ngati kakukana mankhwala a rifampicin. Akadakhalapo pachipatala chathu chija, amayi sakadaonda chomwe chija. Ndiye munthu azindiuza kuti ya m'labotale si ntchito yochiza? Ndikukana. Dokotala wopanda labotale amangoyenda mumdima.

Ndipo ife Amalawi tili ndi vuto, timangodziwa udokotala, uloya ndi unamwino basi. Kachilombo ka Covid-19 ka mtundu wa Omicron kaja, mu Novembala 2021, adakazindikira ndi asayansi a kuno ndi a ku Botswana, ena mwa iwo a ku NICD, bungwe lofufuza matenda opatsirana, ku Sandringham konkuno. Sydney Brenner, mwana wa ku Germiston amene adaphunzira pa Wits pomwepo, adalandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa chofufuza kanyongolotsi kakang'onong'ono!

Nanga mwana wanuyo achite chiyani?

Ku matric, mayeso omaliza a sekondale, alimbikire Mathematics yeniyeni, osati Maths Literacy. Digiri yoyamba payokha siikwanira, aonjezere digiri yotsatira ya Honours. Kuti HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo, imulembe ngati medical scientist (wasayansi wa zachipatala) pamafunika internship ya zaka 2, nthawi zambiri ku NHLS, bungwe la malabotale a boma, ndipo malo ake ndi ochepa, ayambe kufunsira msanga. Ena amapitiriza mpaka PhD, ena amalowa m'makampani a mankhwala. Akadzafuna kubwerera kumudzi, ku Blantyre kuli yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome pa Queens paja.

Koma achibale auzeni lero lomwe kuti si udokotala, asadzamve kwa mwanayo ali yekha pakhonde ngati ine.